Nsapato Sinachepe, Phazi Ndilo Lasintha

Lero mundilole ndikambe za chiwalo chimene sitichitchula kawirikawiri pagulu, ndicho phazi, makamaka phazi la munthu amene wakhala ndi matenda a shuga zaka zambiri. Nkhaniyi yatalika ndithu, koma musaidumphe, pakuti ambiri a ife tili ndi kholo, mwamuna, mkazi kapena mnansi amene amamwa mapiritsi a shuga kapena kubaya jakisoni wa insulin.

Pali dandaulo lodziwika bwino m'makomo mwathu. Agogo amati nsapato za masiku ano n'zosalongosoka, chaka chatha inkawakwana koma lero ikuwathina. Ife timaseka, n'kumati nkhalamba yapeza njira yopemphera nsapato yatsopano. Koma nsapato sichepa yokha ili pansi pa bedi. Nthawi zambiri ili monga idaliri, ndipo chimene chasintha ndi phazi lolowamo. Ngakhale zili choncho, wodandaula za kuthina ali ndi mwayi, chifukwa akadamvabe. Amene ali pangozi yeniyeni ndi uja amene nsapato ikumudya tsiku ndi tsiku koma iye sakumva kanthu.

Ife tidazolowera kuyeza matenda ndi ululu. Munthu akapanda kubuula timati ali bwino, akadya nsima n'kuyenda yekha timati wachira. Ine ndikuti pa nthenda iyi muyeso umenewo ndi wonyenga, chifukwa chimene shuga amayamba kuba kuphazi ndi ululu womwewo. Ululu ukachoka, chotsala kuti chitiuze zoona ndi maonekedwe a phazi. Maonekedwe amafuna maso, ndipo kawirikawiri amafuna maso a munthu wina, pakuti wodwala shuga wa zaka zambiri maso akenso amakhala atafooka, ndipo msana sumulola kuwerama kuti aone kunsi kwa phazi lake. Ntchitoyi ndi ya banja.

Chichewa chathu chimati mitsempha pa zinthu zingapo zosiyana, choncho ndiyambe ndasiyanitsa. Pali mitsempha ya magazi. Pali mitsempha yolimba ngati zingwe, imene imalumikiza mnofu ku fupa ndi kukoka chala kuti chipinde. Ndiye pali mitsempha yonyamula uthenga, yopyapyala, imene imauza ubongo kuti waponda munga, ndi kuuza mnofu kuti ugwire ntchito. Shuga akakhala wokwera m'magazi zaka ndi zaka amawononga mitsempha ya uthenga imeneyi, pamodzi ndi timitsempha ta magazi timene timaidyetsa. Yaitali koposa m'thupi lonse ndi ija yochokera kumsana kukafika kunsonga za zala zakuphazi, ndipo ndiyo imayamba kufooka. N'chifukwa chake vuto limayambira kuzala, kumapazi onse awiri, n'kumakwera pang'onopang'ono monga mmene sokosi imakwerera mwendo. Poyamba ena amamva moto usiku, ena kubaya ngati singano, ena ngati nyerere zikuyenda pakhungu, ena ngati akuponda pa thonje. Kenako pamadza dzanzi. Ambiri amakondwera moto uja ukaleka, osadziwa kuti nthawi zina waleka chifukwa mtsempha wotumiza uthengawo wafa. Madokotala amati pafupifupi theka la odwala shuga amakumana ndi vutoli m'kupita kwa zaka.

Tsono dzanzi limapotoza bwanji fupa? Phazi limodzi lili ndi mafupa 26, ndipo silikhala m'maonekedwe ake chifukwa cha mafupa okha. Limagwiridwa ndi magulu awiri a minofu okokerana. Gulu lina ndi la minofu yaikulu ya mumsongolo ndi m'katumba, imene zingwe zake zimatsika kudutsa pa akakolo kukafika kuzala. Gulu lina ndi la timinofu tating'ono tokhala m'phazi momwemo, pakati pa mafupa, timene ntchito yake ndi kusunga zala kuti zikhale zowongoka ndi zogona pansi. Aliyense amene adayendetsapo ngolo akudziwa chimene chimachitika ng'ombe imodzi ya m'goli ikafooka: ngolo imakhotera mbali imodzi ngakhale woyendetsa sakufuna. M'phazi zimateronso. Timinofu tating'ono tija, pokhala kumapeto kwenikweni kwa mitsempha, ndito timayamba kusowa uthenga, ndipo mnofu wosalandira uthenga umafota. Minofu yaikulu ya kumtunda imapitiriza kukoka popanda woibweza. Zala zimadzuka patsinde pake n'kupinda kutsogolo, ngati zala za nkhuku yogwira nthambi. Pamwamba pa phazi pamaoneka tingalande pakati pa mafupa pamene padali mnofu, ndipo malo opindika a pakati pa phazi, aja sagunda pansi, mwa ena amakwera koposa kale.

Chala chopinda chotere chimabweretsa malo atatu a ngozi. Mfundo yake yotukuka imakhula denga la nsapato. Nsonga yake imabaya pansi m'malo mogona. Koma choopsa koposa chili kunsi, kuseri kwa zala, pamene timapondera tikamanyamula chidendene. Pamenepo pali katsamiro ka mafuta kamene kamatchinjiriza mitu ya mafupa. Zala zikadzuka zimakokera katsamiro kaja kutsogolo, kakakhale pansi pa zala pamene palibe ntchito, ndipo mitu ya mafupa imatsala ikuponda pakhungu lokha. Munthu wa makilogalamu 80 akuyenda kupita kumunda, ndipo pa phazi lililonse limene akuponya, kulemera kwake kukugwera pa kamalo kochepa ngati ndalama yachitsulo. Apa ndi pamene mungamvetse za nsapato ija. Utali wa phazi sunasinthe kwenikweni, nambala ndi yomweyo, koma kutsogolo phazi latukuka ndipo likufuna nsapato yakuya.

Shuga amaumitsanso. Amamatirira ku zingwe ndi ku mfundo za mafupa, n'kuzilimbitsa monga chikopa chosiyidwa padzuwa. Chingwe chachikulu cha kumbuyo kwa chidendene chikauma, akakolo sapinda mokwanira, chidendene chimadzuka msanga poyenda, ndipo katundu yense amathamangira kutsogolo komwe kwatha kale katsamiro. Kuuma kumeneku mukhoza kukuona ngakhale m'manja. Mupempheni wodwala aphatikize zikhato monga timachitira popemphera. Ngati zala ndi zikhato zikukana kugundana, pakutsala mpata pakati, ndiye kuti mfundo zayamba kuuma, ndipo mwina zakuphazinso zili chimodzimodzi. Madokotala enieniwo amachitcha chizindikiro cha pemphero.

Mitsempha yolamula thukuta nayonso imafa. Phazi limauma, khungu limasweka, zikang'a zimazama mpaka kutseguka, ndipo tizilombo timapeza khomo. Pamalo opanikizika paja thupi limamanga khungu lokhuthala lolimba. Ife tidakula tikutama khungu lotere, tinkati ndi phazi la mlimi losaopa minga. Kwa wodwala shuga khungu limeneli lili ngati mwala womatidwa kuphazi. Limapera mnofu wa pansi pake mpaka magazi atuluke mkati, ndipo mukaona kadontho kakuda kapena kofiira pakati pake, dziwani kuti chilonda chayamba kale pansi, chikungodikira kuboola. Musalipale ndi lezala. Dzanja limene silikumva pamene lafika silidziwa polekera, ndipo miyendo yambiri imene imadulidwa chifukwa cha shuga idayamba ndi kachilonda kakang'ono kotere.

Akuluakulu anzanga akukumbukira odwala khate, ndi mmene tinkakhulupirira kuti khate limadya zala. Dokotala wina wa ku Britain, Paul Brand, amene adagwira ntchito pachipatala cha mishoni ku Vellore m'dziko la India kuyambira mu 1946, adasonyeza kuti zala zambiri zinkatha chifukwa cha dzanzi. Wodwala ankagwira mphika wamoto osamva, ankayenda tsiku lonse ndi msomali m'nsapato osamva, ankalumidwa ndi makoswe usiku osadzuka, mpaka dokotalayo adafika polangiza kuti odwala azisunga mphaka m'nyumba. Mu 1966 adasamukira ku Carville m'dziko la America, ndipo kumeneko nzeru yomwe adaipeza pa khate idayamba kuthandiza odwala shuga, chifukwa ngakhale matendawa ndi osiyana, phazi losamva limawonongeka m'njira imodzi. Chimene adatsindika ndi chakuti silifuna ngozi yaikulu kuti lionongeke. Kupanikiza kochepa, kobwerezabwereza pamalo amodzi kambirimbiri, ndi kokwanira. Munthu wakumva amasintha kapondedwe osaganizako, amatsimphina pang'ono, amavula nsapato pansi pa benchi ulaliki ukatalika. Wadzanzi sachita chilichonse cha izi.

Tsopano ndifike pa chimene chandikakamiza kulemba. Kupinda kwa zala kumatenga zaka, koma pali kusintha kwina kumene kungathe kugumula phazi m'milungu yowerengeka. Sikugwera ambiri, koma amene kwamugwera kumamusintha moyo wonse. Madokotala amakutcha phazi la Charcot, potengera dzina la Jean-Martin Charcot, dokotala wa ku Paris amene mu 1868 adafotokoza za mfundo zogumuka mwa anthu amene chindoko chidawawononga mitsempha ya kumsana. Mu 1936 dokotala wina wa ku America, William Jordan, adasonyeza kuti zimachitikanso kwa odwala shuga, ndipo lero shuga ndiye gwero lake lalikulu.

Chiyambi chake chimakhala chaching'ono. Munthu wapunthwa pa chitsa, waponda molakwika potsika m'minibasi, kapena sakukumbuka n'komwe. Kafupa kang'aluka kapena mfundo yasuntha. Wakumva akadakhala pansi mwezi wathunthu, koma uyu akupitiriza kuyenda. Kutupa kwa mkati kumafewetsa mafupa, ndipo akamaponda pa mafupa ofewa amaswekanso, kutupa n'kuwonjezeka. Potsiriza pakati pa phazi pamagwa. Malo aja adali opindikira m'mwamba amatulukira pansi, kunsi kwa phazi kumakhala kobulungira ngati kunsi kwa bwato, ndipo fupa limene silidalengedwe kuti liziponda pansi ndilo limayamba kuponda. Phazi lotero silibwereranso mwakale, sililowa m'nsapato ya m'sitolo, ndipo pa fupa lotulukalo pamabuka chilonda chovuta kupola.

Zizindikiro zake zoyamba ndi zooneka ndi maso ndi zomveka ndi dzanja. Phazi limodzi latupa, likutentha koposa linzake mukaligusa ndi kumbuyo kwa dzanja, mwa ena lafiira kapena lada, koma mwini wake akuti silikupweteka, kapena likungopweteka pang'ono. Kusapwetekako ndiko kumatipusitsa. Apa ndi pamene timayamba kunong'onezana kuti bambo aja adaponda mankhwala pa malire a munda. Ndikudziwa kuti ena mwa inu simukondwa ndikamanena izi, koma ndinena. Kutupa kodza kopanda chifukwa chooneka, kosapweteka, kosamva mapiritsi, kuli ndi chifukwa chake chodziwika, ndipo chidalembedwa m'mabuku a zachipatala agogo athu asanabadwe. Pamene tikufunafuna wotchera, mafupa akupitiriza kugwa, ndipo tikudanitsa abale pachabe. Choipa koposa ndi chithandizo chimene timathamangira. Timathowa ndi madzi otentha phazi limene silingatiuze kuti lapsa. Timalitema mphini, kutsegula zilonda khumi pa khungu limene chilonda chimodzi chimatenga miyezi kuti chipole. Ena amalikoka ndi kulisisita mwamphamvu kuti abweze chobzungunyuka, osadziwa kuti akusuntha mafupa osweka.

Chithandizo chenicheni n'chosasangalatsa: kuleka kupondera phazilo kuyambira tsiku lomwelo, ndi kupita kuchipatala monyamulidwa. Kumeneko amaliika m'chikhakha chogwira mwendo wonse kuchokera pansi pa bondo, chimene amachisintha pakapita sabata imodzi kapena ziwiri pamene kutupa kukuphwa, ndipo izi zimatenga miyezi ingapo, nthawi zina kupitirira theka la chaka. Likagwidwa msanga, mafupa amalimba phazi lidakali m'maonekedwe ake. Likachedwa, amalimba litagwa kale. Dziwaninso kuti m'masiku oyamba chithunzi cha X-ray chikhoza kuoneka chabwinobwino, ndipo vutoli limafanana ndi kubzungunyuka wamba kapena kutupa kwa tizilombo. Choncho mukafika kwa dokotala nenani zonse pamodzi: kuti munthuyu ali ndi shuga wa zaka zakuti, kuti mapazi ake ali ndi dzanzi, kuti phazi ili likutentha koposa linzake. Mukabwerera kunyumba ndi mapiritsi okha koma kutentha ndi kutupa osasintha, pitaninso, ndipo pemphani kuonana ndi a mafupa. Akulu adati zengerezu adalinda kwawukwawu, ndipo pa nthenda iyi mwambiwo sufuna n'kumasulira komwe.

Wina anena kuti akulu ampingo mukulankhula ngati tonse tili ndi galimoto, mlimi angakhale bwanji miyezi isanu ndi umodzi osaponda m'munda? Funsoli ndi loona ndipo sindilipeputsa. Koma mlimi yemweyo akadulidwa mwendo sadzapondamonso konse. Ngati timatha kusonkha ufa, nkhuni ndi ndalama ya bokosi pa maliro tsiku limodzi, tingathenso kulimira m'bale wathu dzinja limodzi akadali moyo. Ndiponso tileke kumuyesa waulesi kapena wozilala akalephera kufika kumapemphero a kumlaga kapena kumanda akutali. Mayi wa Mvano amene phazi lake latupa ndi kutentha asakakamizidwe kuyenda mtunda kapena kuimirira tsiku lonse pa moto wa kusiwa poopa kunenedwa. Timutsatire kunyumba.

Pali njira yophweka yodziwira ngati dzanzi lafika poopsa, imene idakonzedwa pachipatala cha ku Ipswich ku England, ndipo safuna chida chilichonse. Wodwala avule nsapato ndi sokosi, agone kapena akhale motambasula miyendo, atsinzine. Inu mukhudze mopepuka ndi nsonga ya chala chanu cholozera, kwa kamphindi chabe, osakanikiza kapena kukanda, pansonga ya chala chachikulu, chapakati ndi chaching'ono, kumapazi onse awiri. Akamva anene kuti eya. Pa zala zisanu ndi chimodzizo, akalephera kumva ziwiri kapena kuposerapo, phazi limenelo lataya mlonda wake, ndipo kuchipatala akadziwe. Kumeneko ali ndi kaulusi kolimba kamene kamapinda pa mphamvu ya magalamu 10, kamene amayezera chinthu chomwechi. Mapazi a wodwala shuga ayenera kuonedwa ndi achipatala kamodzi pa chaka, ndipo kawirikawiri ngati dzanzi lapezeka. Pa tsiku la kiliniki mzere umakhala wautali ndipo dokotala amathamangira kulemba mankhwala, choncho vulani nsapato musanauzidwe. Phazi lovula kale ndi lovuta kulilambalala. Muwakumbutsenso ngati mwamwa metformin zaka zambiri, pakuti mankhwala abwinowa amatha kuchepetsa vitamini B12, amene mitsempha imamufuna. Mowa nawo umaonjezera dzanzi, ndipo fodya amatseka mitsempha ya magazi, kotero kuti phazi lozizira, lokhala ndi chala chakuda, ndi ngozi ina yofunanso chipatala tsiku lomwelo.

Ndikudziwa chovuta china chimene sichilembedwa m'mabuku a azungu, ndicho ulemu. Mkamwini sangagwire phazi la apongozi ake, ndipo bambo wachikulire safuna kutambasulira mwana wake wamkazi mapazi ong'aluka. Mwambowo sindikuuthyola. Koma m'banja lililonse muli mdzukulu, ndipo mdzukulu ndi agogo alibe manyazi. Mphunzitseni mwana wa Sitandade 7 kuyang'ana madzulo aliwonse kunsi kwa phazi, pakati pa zala, kuchidendene ndi pamwamba pa mfundo zopinda, kuti aone matuza, ming'alu, thekenya, munga, kapena malo ofiira amene nsapato yasiya. Apisenso dzanja m'nsapato agogo asanavale, ayese madzi osamba ndi chigongono chake, ndipo m'miyezi ya June ndi July awakhazike patali ndi mbaula. Mafuta odzola apake kuchidendene ndi kunsi, koma osati pakati pa zala. Wokhala yekha aike kalilole pansi. Zonsezi sizitha mphindi zisanu.

Ndisakunamizeni: zala zimene zapinda kale siziwongoka chifukwa shuga watsika. Kusunga shuga pamlingo wabwino kumachedwetsa kuwonongeka kwa mitsempha yotsala, ndipo n'kofunika kwambiri, koma phazi limene lasintha liyenera kulandiridwa monga lilili lero. Nsapato ndiyo itsatire phazi. Ija yosongoka ya pa Sabata, yopukutidwa bwino, imene bambo adavala pa ukwati wa mwana wawo zaka khumi zapitazo, ipatsidwe wina. Gogoda nayenso apume. Patapata wolowetsa pakati pa zala amacheka khungu ndipo satchinga minga, ndipo kuyenda chosavala, ngakhale pabwalo pa nyumba, kuleke. Yofunika ndi nsapato yotakasuka ndi yakuya kutsogolo, yofewa pamwamba, yopanda msoko wokhula mkati, yapansi pokhuthala, yomanga ndi zingwe kapena lamba, yovalira sokosi zosathina. Ya pa kaunjika ikhoza kukhala yabwino ndithu ngati mwaipisa dzanja mkati monse ndi kuiyesa masana, pamene mapazi atupako. Yatsopano iliyonse ivalidwe ola limodzi tsiku loyamba, kenako phazi lionedwe.

Inu ana athu a ku Joni ndi ku UK, amene mumatumiza nsapato pa Khirisimasi pongofunsa nambala pa foni, tikuthokoza mtima wanu, koma nambala imene amayi akukuuzani ndi ya phazi lawo lakale. Pemphani wina kunyumba awaimike pa katoni, osati atakhala pansi, azungulize pensulo phazi lililonse palokha, ayeze utali ndi mulifupi ndi rula, ndipo ajambule phazilo cha m'mbali kuti muone mmene zala zatukukira. Nsapato ikafika, adule katoni ija motsata mzere n'kuilowetsa mkati. Ikapindika m'mbali kapena kukwinyika kutsogolo, nsapatoyo isavalidwe, ngakhale amayi anene kuti sikuwathina.